Madzi a mvula apite kuti? Za simenti ya alandilodi, madambo ogulitsidwa ndi lendi

Chaka chatha alandilodi athu anathira simenti pabwalo ponse. Ponse ndithu, kuchokera pakhonde mpaka kugeti, osasiya ngakhale kadothi koti nkhuku ipalase. Mtengo wa mango umene unali pakona anaudula, ati umagwetsa masamba komanso mizu yake idzang'amba nyumba. Sindinama, ife ochita lendi tinasangalala. Matope anatha, nsapato zinayamba kufika kuntchito zili zoyera. Lendi inakwera pang'ono, tinalipira osadandaula.

Mvula yoyamba yamphamvu itagwa mu Disembala ndinaima pakhonde n'kumaonerera. Madzi a padenga ndi a pabwalo anakumana, n'kuthamangira pa kabowo kamene amisiri anasiya pansi pa mpanda, n'kumatuluka ngati paipi yaphulika. Kumunsi kwathu kumakhala mayi wina wokazinga mandasi, nyumba yake ya njerwa zosaotcha. Madzi aja anathera m'khitchini mwake. M'mawa anafika pageti, chitenje chili chonyowa, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, madzi anuwa ndiwatani?" Mumtima ndinati madzi anga? Ine ndimagwetsa mvula? Koma pakamwa panalibe yankho, chifukwa mayiyo ankanena zoona.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi, masamu ake ndi a ku pulayimale. Denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 10 limatulutsa malita 1,000. Mvula yamphamvu ya mamilimita 50, yomwe siyachilendo kuno ku Lilongwe mu Januwale, ndi malita 5,000. Ndiye kuti zigubu 250 za malita 20. Bwalo la simenti la kukula komweko liwonjezera zigubu zina 250. Kale zigubu za pabwalozo zambiri zinkamwedwa ndi dothi, udzu ndi mizu ya mango uja. Pano zonse zimapita kwa neba m'mphindi zochepa. Ndiye muganize maploti onse a mu mzere wanu, a mu Area yanu, a mu mzinda umene pa kalembera wa 2018 unali kale ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Tikamadabwa kuti bwanji masiku ano mvula ya ola limodzi ikutseka misewu, yankho lina lili pabwalo pathu pomwe.

Mvula ikativuta, mawu amene timathamangira kulemba pa Facebook ndi akuti khonsolo ikumbe ngalande. Ngalande n'zofunika, sindikukana. Koma ngalande ya konkiriti ili ndi ntchito imodzi yokha, kuthamangitsa madzi. Siwachepetsa. Imawachotsa pakhomo panu n'kukawatula pakhomo pa wina wakumunsi, ali ndi liwiro loposa limene anabwera nalo, atanyamula majumbo, mabotolo, mafuta a m'magalaja ndi zonse zimene mukuzidziwa. Alandilodi athu anachita zomwezo pa ploti imodzi. Mzinda umachita zomwezo pa maploti onse.

Pali njira ina imene mizinda yambiri yatengera zaka zapitazi. Pachingelezi amaitchula kuti green stormwater infrastructure, koma dzina lisakuopseni. Ndi kugwiritsa ntchito dothi, udzu, mitengo ndi madambo kuti madzi achedwe, ena alowe pansi, otsalawo afike kumtsinje pang'onopang'ono ali oyererako. M'malo mwa ngalande ya konkiriti yokhayokha, amakumba ngalande yotakata, yosazama, yodzala udzu. M'mbali mwa msewu kapena pansi pa denga amakumba kadzenje kotambalala, n'kuikamo mchenga ndi dothi lofewa, n'kubzalamo zomera zopirira madzi ndi dzuwa lomwe, kuti madzi aime pamenepo maola angapo kenako n'kumira. Pabwalo amayala njerwa zokhala ndi mipata m'malo mothira simenti yosalala. Bwalo la mpira amalimanga motsikirako kuti tsiku la mvula yoopsa likhale thamanda, madzi akaphwa ana abwerere kukasewera. Mzinda wa Philadelphia ku America unayamba dongosolo la zaka 25 la ntchito yotereyi mu 2011, ndipo kumeneko mwini sitolo kapena fakitale amalipira ndalama ya madzi a mvula molingana ndi kukula kwa denga ndi bwalo louma limene ali nalo. Ndikanakonda alandilodi athu akanamva zimenezi.

Chondipweteka n'chakuti zimene anzathuwa akuwonongera ndalama zankhaninkhani kuti amange, ife tinazipeza zaulere. Dzina lake ndi dambo. Lilongwe anakhala pa chigwa chodzaza madambo, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa mmene dambo limagwirira ntchito. Nthawi ya dzinja limamwa madzi mpaka kukhuta, bango ndi udzu n'kumawagwira kuti asathamange. Nthawi ya chilimwe limawatulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake madimba a mpiru ndi tomato amakhala obiriwira mu Okutobala pamene kwina konse kuli fumbi. Palibe injiniya anajambula zimenezi. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, ojambula mzinda anasiya malo ambiri a m'mphepete mwa mitsinje opanda nyumba, ndipo nkhalango ya Nature Sanctuary m'mbali mwa Lingadzi ndi chotsalira cha maganizo amenewo.

Nanga lero? Yendani m'mphepete mwa timitsinje ta m'makomboni muone. Dambo ladulidwa maploti. Wogula amathira magalimoto angapo a dothi lofiira ndi zibuma, n'kumanga mpanda, n'kumati wagonjetsa madzi. Madziwo sanagonje, angosamukira kwa neba. Pena akuumba njerwa m'mphepete mwenimweni, pena akukumba mchenga mpaka gombe kugumuka. Osaukawo amamanga mudambo chifukwa ndi pokhapo pamene ploti ili yotchipa. Olemerawo amamanga mudambo chifukwa palibe amene angawaletse. Tikamatukwana anthu omanga m'mphepete mwa mitsinje, kawirikawiri timatukwana gulu loyambalo, chonsecho mpanda umodzi wa bwana umatseka madzi ochuluka kuposa tinyumba khumi ta zidina.

Amene munali ku Lilongwe mu Febuluwale 2017 mukukumbukira tsiku limene Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba ku Mtandire, Area 47 ndi Area 49, mpaka helikopita ya asilikali inabwera kudzapulumutsa anthu. Mtandire ndi Area 47 ndi oyandikana, koma moyo wake ndi wosiyana ngati usiku ndi usana. Madzi sanasankhe. Chinasiyana ndi zimene zinachitika madzi ataphwa: wina anakolopa matailosi n'kuyanika kapeti, wina anapeza khoma la njerwa zosaotcha litasungunuka. Ndipo mu 2021, pamene ankadula mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta kuti aukulitse, achinyamata ambiri munakwiya pa intaneti, ena n'kumakuyankhani kuti mthunzi sudyedwa. Msewu tinaufuna, inde. Koma mtengo waukulu suli mthunzi chabe. Masamba ake amagwira mvula isanafike pansi, mizu yake imatsegula dothi kuti madzi alowe. Phula likatenga malo amenewo, madzi aja amayenera kupeza kwina kolowera.

Ubwino wa njira ya udzu ndi mitengoyi pa chilengedwe sindichedwapo, ndi wodziwikiratu. Dothi ndi mizu zimasefa matope ndi zoipa zina madzi asanafike mumtsinje. Madzi olowa pansi ndi omwe amadyetsa zitsime ndi mijigo mu Seputembala. Malo a mitengo amazizirako, funsani aliyense wa kabaza kumene amaimika njinga masana a Okutobala. Achule, mbalame ndi tombolombo zimabwerera. Ndipo vetiva, amene alangizi a zaulimi akhala akutiphunzitsa kubzala m'migula ya akalozera kumunda, amagwira gombe la ngalande chimodzimodzi m'tauni, mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo siifuna simenti.

Koma ndisakunamizeni kuti n'zophweka, makamaka kwathu kuno. Ku Philadelphia akamalowetsa madzi pansi sakhala ndi nkhawa ya chimbudzi chokumba chimene chili mamita asanu kuchokera pachitsime. Ife tili nayo. Ku Chinsapo, ku Mgona, ku Kauma ndi makomboni ena, pansi pa nthaka padzaza maenje a zimbudzi, akale ndi atsopano, ndipo mabanja ambiri akumwabe madzi a m'zitsime zosazama. Mukakumba dzenje lomwetsa madzi a mvula pafupi ndi chimbudzi, mwatsegula msewu wachidule woti zoipa zikafike m'chitsime. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Choncho si ploti iliyonse ingamwetse madzi pansi. Kwina nzeru yake ndi kuwakolola padenga n'kuwasunga m'thanki kapena m'madiramu ovundikira, kwina ndi kuwayendetsa m'ngalande ya udzu mpaka pabwalo lotakata lomwe lili kutali ndi zimbudzi.

Wina andifunsa za udzudzu, ndipo akhoza. Dzira la udzudzu limafuna pafupifupi sabata kapena kuposerapo m'madzi oima kuti lifike pouluka. Dzenje lomangidwa bwino limamwa madzi ake pa tsiku limodzi kapena awiri, udzudzu usanapeze mpata. Vuto ndi lakuti dzenje losasamalidwa limatsekeka ndi matope ndi majumbo, n'kusanduka chithaphwi cha malungo pakhomo. Ngalande ya konkiriti mutha kuinyalanyaza chaka chonse n'kudzaitapa kamodzi mu Novembala. Ya udzu imafuna munthu mwezi ndi mwezi, wotchetcha, wotola zinyalala, wobwezeretsa pamene mbuzi zadya. Munthu ameneyo ndani, ndipo amulipira ndani? Tikapanda kuyankha funso ili, tidzakhala ndi zithunzi zokongola za tsiku lotsegulira, nduna itagwira khasu, kenako dzala.

Komanso njirayi ili ndi malire. Dziko la China linayamba mu 2015 kumanga zimene amati mizinda ya siponji, n'kuthiramo ndalama zoopsa. Koma mu Julayi 2021 mzinda wa Zhengzhou, umene unali utachitako ntchito yotereyi, unalandira mvula yoposa mamilimita 200 pa ola limodzi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Siponji ikakhuta yakhuta. Chimodzimodzi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023: palibe kadimba ka pakhomo kakanaimitsa matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Udzu ndi mitengo zimathandiza kwambiri pa mvula ya sabata ndi sabata, imene imatilowera m'nyumba kangapo pa chaka, n'kuchepetsako ukali wa yaikuluyo. Pa tsiku loopsa pamafunikabe ngalande zazikulu, makalavati osatsekeka, chenjezo lofika msanga ndi malo othawirako.

Tsopano pamene pagona nkhani yanga. Tonse tinaonapo zithunzi za Kigali zikuzungulira m'magulupu a WhatsApp, pansi pake atalemba kuti "ife zikutikanika chani?" Zina mwa zithunzizo ndi za Nyandungu, dambo la mahekitala pafupifupi 120 limene analikonzanso n'kulitsegula ngati paki mu 2022, muli maiwe, tinjira ta njinga ndi mitengo masauzande. N'zosiririka, ndipo dambolo likugwiradi ntchito yogwira madzi. A ku Rwanda anachotsanso mafakitale amene anali mudambo la Gikondo n'kuwasamutsira kwina, kusonyeza kuti lamulo linakhudzako ndi andalama. Koma zithunzizo sizionetsa Disembala 2019, pamene akuluakulu a mzinda wa Kigali anagumula nyumba za mabanja ambiri okhala m'madambo ndi m'malo ena amene anawatcha oopsa, ambiri n'kumadandaula kuti sanapatsidwe chipukuta misozi. Tikamati tichite ngati Kigali, tikhale tikudziwa kuti tikupempha zonse ziwiri. Ndipo ngati mumakhala m'mphepete mwa Lingadzi, mudzifunse kuti pa chithunzicho inu muli mbali iti.

Kuthamangitsidwa sikubwera ndi bulodoza yokha. Ku Atlanta, ku America komweko, kuli dera lotchedwa Old Fourth Ward, kumene anabadwira Martin Luther King Jr., dera limene kwa zaka zambiri linali la anthu akuda osapeza bwino. Kunkasefukira madzi. M'malo mongokulitsa mapaipi a pansi pa nthaka, mzinda unakumba dziwe losunga madzi a mvula n'kulizunguliza ndi paki yokongola imene inatsegulidwa mu 2011. Madzi anagwidwa, ndalama zinapulumuka, akatswiri anaombera m'manja. Kenako omanga nyumba zodula anafika, pakiyo ndi njira yatsopano ya oyenda pansi yotchedwa BeltLine zikuwakoka, mitengo ya nyumba ndi lendi zinakwera, ndipo mabanja ambiri akale analephera kukhalabe. Anapirira madzi zaka zonsezo, dera litakoma anabwera kudzakhalamo ndi ena.

Musati zimenezo n'za ku America. Lendi yathu inakwera chifukwa cha simenti ya pabwalo chabe. Nanga tsiku limene kumtsinje kwa m'dera lanu kudzakhale kapinga, mabenchi ndi magetsi a sola, madzi atasiya kulowa m'nyumba, mukuganiza alandilodi adzatani? M'makomboni ambiri okhalamo ochuluka ndi a lendi, opanda pepala lililonse losainirana, ongouzidwa pakamwa kuti mwezi wamawa muwonjezere kapena musamuke. Ngakhale eni nyumba ena alibe mapepala a malo, anagula kwa mfumu, umboni wake ndi kakalata kolemba pamanja. Dera likakoma, amene ali ndi ndalama ndi mapepala ndiye amapambana. Osamukawo amapita kuti? Kudambo lina, kutali ndi tauni, kumene ploti ikadali yotchipa. Mwakonza dambo limodzi n'kudzaza lina.

Ndipo mtsinje wa m'tauni si malo opanda eni ake monga amaonekera pa mapu. Pali amayi a madimba amene masamba awo timagula m'misika. Pali ochapa zovala, otsuka magalimoto, okumba mchenga. Pamsika wa Tsoka pali anyamata a milatho ya mitengo amene amadya pa ndalama ya owoloka. Ena mwa iwowa akuwononga mtsinje, n'zoona, sindiwaikira kumbuyo. Koma dongosolo lililonse limene limayamba ndi kuwathamangitsa osawapatsa pena podyera limatha mofanana: amabwerera usiku, mbande zimazulidwa, mawaya a mpanda amakagulitsidwa. Pakhala pakumveka za ntchito yotchedwa Lilongwe Ecological Corridor, yofuna kuteteza ndi kubwezeretsa zachilengedwe m'mphepete mwa Lilongwe ndi Lingadzi. Ganizolo ine ndikugwirizana nalo ndi mtima wonse. Muyeso wanga ndi umodzi: mayi wa dimba ndi mnyamata wa mchenga ali m'gulu la olembedwa ntchito yosamalira malowo, kapena ali m'gulu la ochotsedwa?

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kuposa Kigali chili ku Kibera, komboni yaikulu ya ku Nairobi. Bungwe la Kounkuey Design Initiative lakhala likugwira ntchito kumeneko kuyambira 2006 pamodzi ndi magulu a anthu a m'deralo. Amatenga malo a m'mphepete mwa mtsinje amene anali dzala ndiponso osefukira, n'kulimbitsa gombe ndi miyala yomanga m'mawaya ndi zomera, n'kukonza ngalande, kenako pamwamba pake n'kuikapo zinthu zimene anthu anasankha okha: zimbudzi ndi mabafa olipiritsa, pogulitsira madzi, holo, posewerera ana. Gulu la m'deralo ndi limene limayendetsa malowo, ndipo ndalama ya pachimbudzi ndi pamadzi imathandiza kusamalira. Sizokongola ngati Nyandungu, pa Instagram sizingapeze ma like ambiri, komanso sizinathetse kusefukira kwa madzi mu Kibera yense. Koma funso lija la amene atchetche udzu ndi amene amulipire linayankhidwa ntchito isanayambe, ndipo amene ankavutika ndi madziwo ndi omwe akudyerera.

Ndiye khansala wa m'dera lanu akadzabwera ndi nkhani ya paki, ya kubzala mitengo kumtsinje kapena ya ngalande zatsopano, musangofunsa kuti ziyamba liti. Funsani kuti madzi akachoka pano akathera kwa ndani. Funsani kuti pa nyumba zimene zili mudambo, agumula za zidina zokha kapena ndi mipanda ya mabwana yomwe, ndipo ochotsedwawo malo ena awapatsa kuti. Funsani ngati ochita lendi aitanidwa kumsonkhano, chifukwa nthawi zambiri amaitana eni maploti okhaokha, ena mwa iwo sagona n'komwe m'deralo. Ndipo funsani za madambo amene sanamangidwebe, chifukwa kuletsa ploti imodzi lero n'kotchipa kutalitali kuposa kudzagumula nyumba ndi kulipira chipukuta misozi zaka khumi zikubwerazi. Pamenepa ndi pamene khonsolo ingachite zambiri popanda kudikira ndalama za azungu, ndipo ndi pamene pali zii.

Kwathu kuja, ine ndi anzanga awiri a lendi tinapita kwa alandilodi. Tinawapempha kuti atilole kuswa simenti kamzere ka mita imodzi m'mbali mwa mpanda wakumunsi, kutali ndi chimbudzi, tithiremo mchenga ndi miyala, tibzalemo vetiva ndi nthochi ziwiri, komanso tiike diramu pansi pa denga. Tinati zipangizo tisonkha tokha. Anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ana anga, simenti imeneyi ndinagula ndi ngongole." Diramu anavomera. Za kuswa simenti ati tidikire aganize kaye, ndipo akuganizabe mpaka lero. Mayi wa mandasi uja waunjika matumba a mchenga asanu ndi limodzi pakhomo la khitchini yake, ndipo madzi athu tsopano akumakhotera kwa neba wake wakumunsi.